Jazz Bass ya 1978 kapena yatsopano yotengera zakale: nditenge iti?

Chisale_Besi:

Moni akuluakulu nonse pabwalo pano. Safunsa anadya phula, ndiye ndabwera kwa inu amene mumadziwa mkati mwa magitala a besi. Ndili ku Leeds, ndipo kumapeto kwa chaka ndikubwerera ku Blantyre. Ndikufuna kutenga besi imodzi yokha yabwino, yoti izigwira ntchito ku tchalitchi, m'maukwati ndi mu studio. Pali ziwiri zimene zandiimika mutu, ndipo mitengo yake yayandikana kwambiri.

Yoyamba ndi Fender Jazz Bass ya 1978. Nambala yake pamutu ikuyamba ndi S8, thupi ndi la ash, khosi la maple lomangidwa ndi masikuluwu atatu. Wogulitsa akuti chilichonse ndi chobadwa nacho kupatula nsambo. Yachiwiri ndi yatsopano ya m'sitolo, American Vintage II 1966 Jazz Bass.

Mafunso anga ndi atatu. Kodi ukale wa besi umamvekadi m'kulira kwake, kapena munthu amangolipira chaka? Ndikapita kukaiona ya 1978 ija, ndikayang'ane chiyani kuti ndisapusitsidwe? Nanga pa ziwirizi, ndi iti imene ingapirire kutentha ndi chinyezi chakwathu?

Mmisiri_Phiri:

A Chisale, choyamba dziwani kuti apa simukusankha pakati pa kholo ndi mwana wake. Besi ziwirizi n'zosiyana mapangidwe kuyambira pachiyambi. Ya 1966 imene a Fender akuipanganso ku fakitale yawo ya ku Corona ku America masiku ano ili ndi thupi la alder, thabwa la rosewood pamwamba pa khosi, masikuluwu anayi, ndipo truss rod yake, chitsulo cha mkati mwa khosi choliwongolera, imamangidwira kumunsi, kumene khosi limalowa m'thupi. Ya 1978 ili ndi ash wolemera, penti yochindikala ya poly, masikuluwu atatu ndi naiti ya truss rod yooneka ngati chipolopolo (bullet) kumutu. Koma chachikulu kuposa zonsezi ndi malo a pickup yakumbuyo (pickup ndi kachipangizo ka maginito kotola mawu a nsambo). Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Fender anaisunthira ku bridge, chitsulo chogwira nsambo pathupi, pafupifupi sentimita imodzi. Tengani rula muyeze kuchokera pakati pa pickup ina kufika pakati pa inzake: ya m'ma 60 imapereka pafupifupi mamilimita 91, ya m'ma 70 pafupifupi 102. Sentimita imeneyo ndiyo imabweretsa kulira kowuma ndi kwakuthwa kumene oimba slap, omenya nsambo ndi chala chachikulu, amakukonda. Ndiye yambani mwadzifunsa kuti khutu lanu likufuna kulira kuti, za zaka zibwere pambuyo.

Nkhani yeniyeni ya besi yakale ili pakhosi. Mawaya, ma pot (zopotokola za volume ndi tone) ndi ma pickup zonse zimakonzeka. Khosi likafa, ndalama yanu yafa nalo limodzi, chifukwa mukaikapo khosi lina ndiye kuti si ya 1978 ayi. Nsambo zinayi za 45 mpaka 105 zimakoka pafupifupi makilogalamu 80, ndipo thabwa limenelo lasenza katundu ameneyu zaka zoposa 40.

Popita kukaiona tengani capo (kopanira nsambo pakhosi), feeler gauge ya amakaniko ija amayezera mpata wa mapulagi, karula kachitsulo ka mamilimita, sikelo yoyezera zikwama, ndi ma Allen key a mainchi. Musatenge a mamilimita, chifukwa amalowa molendewera ndipo amadya makona a naiti.

Chunani besi bwinobwino ndipo yambani kuyeza kutalika kwa nsambo pa fret ya 17 (ma fret ndi tizitsulo topingasa pakhosi). Pa khosi lozungulira ngati ili, la radius ya mainchi 7.25, muyeso wa Fender ndi mamilimita 2.8 pa nsambo yonenepa ya E ndi 2.4 pa yopyapyala ya G. Mukapeza 3.5 kapena 4, funsani chifukwa chake, popeza njira yophweka yobisira khosi lodwala ndiyo kukweza nsambo. Kenako ikani capo pa fret yoyamba, dinani E pa fret yomaliza, muyeze mpata pakati pa nsambo ndi mutu wa fret ya 8. Mukufuna pafupifupi mamilimita 0.35. Chitaninso chimodzimodzi pa G. Miyeso iwiriyi ikasiyana pang'ono palibe vuto, koma mbali imodzi ikakhala ndi mpata waukulu inayo ili yogunda, khosi lapotoka, ndipo truss rod sichiza kupotoka.

Tsopano pemphani chilolezo choti mugwire truss rod. Wogulitsa akakana osafuna ngakhale kuizungulitsa yekha inu mukuona, nyamukani. Lembani kachizindikiro ndi pensulo pamene naiti ili. Yambani ndi kumasula gawo limodzi mwa magawo anayi a mzungulo, osayamba ndi kumanga. Bwezerani pa chizindikiro, kenako onjezani pang'ono chabe. Naiti yabwino imayenda molimba koma mosalala. Ikamangozungulira mofewa khosi osasintha, ndiye kuti mazinga adyeka kapena chitsulo chazuka kumene chinagwira. Ikaima nji ngati mwala pamene mpata udakali waukulu, yafika pamapeto, ndipo mukaikakamiza imaduka.

Tsitsani nsambo zifike pa miyeso ija, kenako imbani noti iliyonse kuyambira fret ya 12 mpaka ya 20 pa nsambo zonse. Mawu akamatsamwa kuyambira cha pa 14 kupita m'mwamba, khosi latukuka kumapeto kumene limalowa m'thupi. Ndi matenda odziwika a makosi akale a Fender, ndipo truss rod sifikako. Mankhwala ake ndi kupala ma fret akumapetowo, kapena kuwazula onse n'kusalaza thabwa.

Ma fret akewo muwayang'anitsitse. Atsopano a mtundu wakalewu amatalika pafupifupi milimita imodzi. Akatsika cha ku 0.6 ndipo ali ndi mikwasa pansi pa nsambo, palibenso chopala, afunika ena. Pa besi iyi ntchito imeneyo si yamasewera. Fender wa nthawi imeneyo ankalowetsa ma fret kuchokera m'mbali, osati kuwakhomera kuchokera pamwamba, ndiye wowazula mosadziwa amang'amba thabwa. Kuwonjezera apo khosi lili ndi mkombero wapulasitiki m'mbali mwake, ndipo maple ali ndi penti yokwera mpaka m'mphepete mwa fret iliyonse. Mtengo wa ntchitoyi muufunsiretu kwa mmisiri wa komweko musanagule.

Za masikuluwu atatu anthu amazinyoza mopyola. Vuto silinali chiwerengero chake, koma dzenje lolowamo khosi limene pa besi zambiri za zaka zimenezo linkasemedwa lotakasuka. Gwirani thupi ndi dzanja limodzi, kankhirani khosi m'mbali ndi linalo. Likasuntha n'kumveka kuti "thwa", muona G yatsala pang'ono kugwera kunja kwa ma fret. Izi zimakonzeka ndi kathabwa kopyapyala m'mbali mwa dzenje. Onaninso ngati kasikuluwu kopendeketsera khosi ka Micro-Tilt sanakamange mopyola mpaka khosi kumangoyandama osagunda thabwa.

Chomaliza, ipachikeni pa sikelo. Musadalire dzanja, chifukwa mphindi zisanu m'sitolo sizifanana ndi maola anayi paukwati. Ya makilogalamu 4 mpaka 4.3 phewa limailandira. Zambiri za kumapeto kwa m'ma 70 zimafika 5 ngakhale kupitirira.

NaBanda:

A Phiri anena za khosi, ine ndiwonjezere za mawu aja akuti "chilichonse ndi chobadwa nacho". Paja chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Mtengo wa besi yakale waima pa mawu amenewo, choncho ayenera kutsimikizika ndi maso.

Nambala ya S8 payokha siyokwanira. Kuyambira 1976 nambala inachoka pa kachitsulo ka kumbuyo n'kupita pa chomata cha kumutu, ndipo zomatazo zinkasindikizidwa zambiri nthawi imodzi n'kumagwiritsidwa ntchito modutsa chaka. Komanso ngakhale itakhala yoona, ikunena za khosi lokha. Thupi likhoza kukhala la besi ina.

Masulani masikuluwu atatu a kachitsulo kamene pali zopotokola, mukatembenuze. Pa pot iliyonse pali manambala asanu ndi awiri. Ikayamba ndi 137 ndi ya kampani ya CTS, ikayamba ndi 304 ndi ya Stackpole. Manambala awiri otsatira ndi chaka, awiri omaliza ndi sabata. Ndiye 1377815 ndi CTS ya sabata la 15 la 1978. Pot imakuuzani kuti besi singakhale yakale kuposa tsikulo, koma ikhoza kukhala yaposachedwa ndi miyezi ingapo. Onaninso solder. Yakale imakhala yotuwa ndi yafumbi, yatsopano imanyezimira, ndipo pamene padutsa dzanja lachiwiri pamakhala mabala a moto pa chikopa cha waya. Kumunsi kwa khosi, mukalichotsa, nthawi zambiri pamakhala chidindo cha manambala asanu ndi atatu. Cha Jazz Bass chimayamba ndi 02, cha Precision, besi ina ya Fender, ndi 01, ngakhale kuti zidindo zambiri zinafufutika.

Pickguard, pulasitiki yotchinga pamwamba pa thupi, nayo ichoke. M'zaka za m'ma 1980 besi za m'ma 70 sizinkatengedwa ngati chuma, zinali zida zantchito zotsika mtengo, ndiye anthu ankazisema momwe afunira. Pansi pa pulasitikiyo ndi pamene mumapeza dzenje la batire ya 9V, kapena malo a pickup yachitatu otsekedwa ndi thabwa lina. Pa bridge werengani mabowo: ayenera kukhala asanu. Mukakhala ndi tochi ya UV, zimitsani magetsi muunike thupi lonse. Pamene anapentanso pamaoneka mtundu wosiyana ndi ponse. Nkhope ya kumutu ikakhala yofiirira kuposa khosi lonse musadabwe, ndi chizindikiro chabwino, chifukwa pamenepo pokha ankathirapo penti ya nitro pamwamba pa chomata pamene kwina konse kunali poly. Besi yopentedwanso imatsika mtengo kwambiri, kawirikawiri mpaka theka, ngakhale kulira kwake kusasinthe.

Ma pickup mukhoza kuwayeza osamasula kanthu. Lowetsani kebulo mu jack, ikani mita pa ma ohm, gwirizitsani nsonga zake ku mutu ndi kuthupi la pulagi ya mbali inayo. Tsegulani volume imodzi yonse, inayo mutseke. Pickup yamoyo ya Jazz imawerenga pakati pa 7k ndi 9k. Ikawerenga kupitirira 100k, ndiye kuti mukungowerenga ma pot, waya wa mkati waduka. Waya ameneyu ndi wa 42 AWG, wopyapyala ngati tsitsi, ndipo chimene chimaupha kawirikawiri ndi thukuta: limalowa pa maginito, dzimbiri limayamba, n'kudya waya kuchokera mkati. Pickup yotere imalirabe nthawi zina, koma mofooka ndi mopanda pansi, ndipo mukatseka tone mawu amazimiririka onse. Kwezaninso ampu mugogode chivundikiro cha pickup ndi chikhadabo. Kukamveka kugogoda kwakukulu ngati mwagogoda maikolofoni, idzakulizirani mluzu pa siteji.

Pa funso lanu loyamba, maganizo anga ndi akuti zimene khutu limamva zimachokera ku malo a pickup, mtundu wa nsambo, kakonzedwe ka khosi ndi dzanja la woimba. Zaka zimabwera kumapeto kwenikweni. Kulira kwa katswiri wa besi Marcus Miller kumene anthu amakusaka mu Jazz za m'ma 70 kunatuluka mu besi ya 1977 imene mmisiri Roger Sadowsky anaiikamo preamp, kachipangizo ka batire kokweza ndi kusintha mawu, ndiye kuti sinali "yobadwa nazo" n'komwe. Kulira kwa katswiri wina James Jamerson ku kampani yojambula nyimbo ya Motown kunali Precision ya 1962, inde, koma yokhala ndi nsambo zosalala zonenepa za La Bella ndi siponji pansi pa chivundikiro cha bridge. Ikani nsambo zimenezo ndi siponjiyo pa Precision yatsopano, mufika pafupi kwambiri. Mukafuna kudziyesa mwachilungamo, besi zonse ziwiri zikhale ndi nsambo zamtundu umodzi, mujambule mzere umodzimodzi kudzera mu DI, kabokosi kolowetsa besi mwachindunji m'makina ojambulira, mulinganize kukwera kwa mawu, ndipo mawa lake wina akuseweretseni osakuuzani kuti iyi ndi iti. Kulinganizako n'kofunika chifukwa yokwera pang'ono imamveka ngati yokoma nthawi zonse.

Chinthu chimodzi chimene ziwirizi zikufanana: pickup iliyonse ya Jazz ndi single coil, ya mkulungo umodzi wa waya, imene imatola phokoso la magetsi. Ma volume onse akatsegulidwa mofanana phokoso la magetsi limathetsana, koma mukatsitsa imodzi kung'ung'udza kwa 50Hz kumabwera. Matani tepi ya kopa m'mayenje onse ndi kuilumikiza ku ground. Pa besi yakale gwiritsani tepi, osati penti ya shielding, chifukwa tepi imamatuka. Ndipo kwathu kumene nthawi zina mumaimbira pa jenereta kapena mu holo imene soketi zake zilibe earth, kumbukirani kuti nsambo zalumikizidwa ku ground ya ampu kudzera pa waya wa pansi pa bridge. Mukagwira nsambo mlomo n'kugunda maikolofoni, thupi lanu ndilo limakhala njira. Yendani ndi choyezera soketi ndi pulagi ya RCD, yodula magetsi akayamba kudutsa m'thupi. Mapulagi akwathu ndi ofanana ndi a ku Britain, magetsi ndi 230V, ndiye zimene mugule ku Leeds zikagwira ntchito. Phini ya earth isadulidwe ngakhale phokoso litavuta bwanji.

Chisale_Besi:

Zikomo kwambiri a Phiri ndi a NaBanda. Ndakaiona, ndipo mwiniwake analola zonse. Nazi zimene ndapeza. Kulemera makilogalamu 4.9. Nsambo pa fret ya 17 zinali pa 3.5. Mpata wa pa fret ya 8 ndi 0.65 pa E, 0.55 pa G. Bullet imamasuka bwino, koma pomanga imaima pa chizindikiro pomwepo osapitirira. Ma pot awiri a volume ndi 1377823, koma ya tone ilibe nambala yotere ndipo solder yake ikunyezimira. Ma pickup ndi 7.6k ndi 7.9k. Pansi pa pickguard palibe dzenje lachilendo. Ma fret asanu oyambirira ali ndi mikwasa, kutalika kwake cha pa 0.7. Mtunda wa ma pickup ndi 102, ndipo kulira kwake kwandigwira mtima kuposa kwa yatsopano ija. Ndipange bwanji?

Mbewe_wa_ku_Joni:

Achimwene, ine ndiikirako kumbuyo yakaleyo pang'ono, chifukwa pali zabwino zake zimene sizinatchulidwe. Besi yatsopano imatsika mtengo tsiku limene mwatuluka nayo m'sitolo, pamene ya 1978 yosasemedwa ndi yosapentedwanso kutsika kwake inatsika kale. Khosi lakale likakhala labwino limakhalanso lodalirika kwambiri, popeza thabwa linachita kale zonse zimene linkafuna kuchita. Pot imodzi yosinthidwa si nkhani yothawira, ndi yochotsetsera mtengo pang'ono chabe, koma ikusonyeza kuti mawu aja akuti chilichonse ndi chobadwa nacho sanali athunthu.

Pa nyengo yakwathu, penti ya yakaleyo ndiyo yolimba. Poly ya m'ma 70 simva thukuta, simva mowa, simva dzuwa. Nitro ya American Vintage II ndi yosachedwa kukhumudwa. Imasungunuka ikakhudzana nthawi yaitali ndi labala kapena vinyl ya pa stand zotchipa ndi malamba ena, ndiye pogonera besi pafunika kukulungapo nsalu ya thonje. Imang'ambika timizere ikachoka pozizira n'kulowa potentha mwadzidzidzi, monga kuchoka mu studio ya air con kupita m'galimoto yoima padzuwa. Ndipo chimene ambiri sadziwa: mankhwala odzola othamangitsa udzudzu amene ali ndi DEET amadya nitro. Mukadzola pamkono n'kukaimba usiku kunyanja, pamene mkono umagona pamasanduka phala lomata. Valani malaya a manja aatali, kapena sambani mkonowo musanainyamule. Chinanso, truss rod ya yatsopanoyo ili kumunsi, ndiye kuti muifike muyenera kumasula nsambo ndi masikuluwu a khosi n'kulipendeketsa. Bullet ya 1978 mumaifika besi ili pamwendo.

Koma poti mwati kulira kwa 102 ndiko kwakugwirani mtima, pali njira yachitatu: besi yotengera za m'ma 70 yogwiritsidwapo kale ntchito. Fender Japan inayamba mu 1982, zoyambirira zikupangidwa ndi fakitale ya FujiGen, ndipo ntchito yawo ya thabwa ndi ma fret ili ndi mbiri yabwino. Ma model ake amalembedwa ngati JB62 kapena JB75, ndipo nambala yotsatira inali mtengo wake m'masauzande a yen, choncho yokwera ndiyo inali ndi thabwa ndi zitsulo zabwinopo. Zokhala ndi US kumapeto zinkabwera ndi ma pickup a ku America. Palinso American Original '70s Jazz Bass imene inatuluka mu 2018. Iliyonse imene mupeze, rula ikhale m'thumba, chifukwa si besi yonse yooneka ngati ya m'ma 70 imene pickup yake ili pa malo a m'ma 70. Pa za ku Japan dziwaninso kuti mabowo ndi masikuluwu ambiri ndi a mamilimita, ndiye mukafuna kuikamo ma pot a CTS a 250k nthawi zina bowo lifunika kukuzidwa pang'ono. Ndalama yotsalayo ikwana bokosi lolimba, DI yabwino ndi mapaketi angapo a nsambo.

Za pamalire. Rosewood wa ku Brazil, amene Fender ankagwiritsa ntchito mpaka cha pakati pa m'ma 1960, ali pa Appendix I ya pangano la CITES loteteza mitengo ndi nyama zimene zikutha kuyambira 1992, ndipo besi yokhala naye imafuna mapepala potuluka ndi polowa m'dziko. Mitundu ina ya rosewood inalowa pa Appendix II mu January 2017, koma zida zoimbira zomalizidwa kale zinachotsedwamo mu November 2019. Ndiye pa ziwiri zanuzi palibe yovuta: ina ndi ya maple, inayo rosewood wake si wa ku Brazil. Amene akuganiza za Fender ya 1962 kapena 1964 ndiye asamale. Lisiti yogulira isungidwe pafupi chifukwa a kasitomu adzafuna kuona mtengo wake.

M'ndege ikhale m'bokosi lolimba, mutu wake mutautsekera ndi zovala kuti usagwedezeke. Nsambo muzitsitse pang'ono chabe, osazimasula zonse. Truss rod ya besi zonse ziwirizi imakoka mbali imodzi yokha. Mukachotsa mphamvu ya nsambo kwa masabata chitsulo chili chomangika, khosi limapindikira kumbuyo, ndipo likakhazikika choncho palibe naiti yolibweza. Mukafika, bokosi likhale chitsekere maola angapo m'chipinda musanalitsegule.

Mmisiri_Phiri:

A Chisale, miyeso mwabweretsayi yalankhula momveka. Magetsi ake ali bwino, thupi silinasemedwe, ndipo kusiyana kwa 0.1 pakati pa E ndi G sikundidetsa nkhawa. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mpata wa 0.65 pamene naiti yafika pamapeto. Nsambo anazikweza pa 3.5 chifukwa cha chimenechi.

Nthawi zambiri chimene chimachitika n'chakuti thabwa la pansi pa naiti laphwanyika pang'onopang'ono ndi zaka, naiti yalowa mkati, mazinga atha. Ngati ndi choncho chimachizika. Mmisiri amasule nsambo, achotse bullet yonse, atsuke mazinga ndi kupakapo girisi pang'ono kwambiri. Alowetse washa imodzi kapena ziwiri zachitsulo zokwana bwino m'bowomo, iliyonse yochindikala milimita imodzi kapena imodzi ndi theka. Asanamange, aike timatabwa pa fret yoyamba ndi kumapeto, chitsulo chowongoka pamwamba pake, n'kukoka pakati pa khosi ndi clamp yokhala ndi chotetezera, mpaka khosi lipindikire kumbuyo pang'ono. Akatero ndi pamene amange naiti. Cholinga n'chakuti clamp ndiyo iwongole thabwa, truss rod ingogwira pamene lafikapo. Zitsulo zambiri zimaduka chifukwa munthu akufuna kuwongola khosi ndi naiti yokha nsambo zili chikokere. Kenako aike nsambo zopepukirapo, 40 mpaka 100 kapena 45 mpaka 100, achune, ndipo besi igone masiku awiri isanayezedwenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, thabwa siliyankha tsiku lomwelo. Nsambo zosalala zonenepa zimene a NaBanda atchula zisayandikire khosi limeneli.

Pakatha masiku awiriwo, mukufuna zinthu ziwiri: mpata ukhale cha pa 0.35, ndipo naiti ikhale ndi malo oyendabe, osachepera theka la mzungulo. Zikakanika, zotsala ndi kuliwotcha khosi pa chitsulo chotenthetsera, kumene nthawi zina kumabwerera pakapita miyezi, kapena kuika ma fret a miyendo yonenepa kuti akankhe thabwa liwongoke. Poti ma fret anu ali pa 0.7 ndipo ali ndi mikwasa, ntchito ya ma fret ikubwera ndithu posachedwa, ndiye mtengo wake uwerengedwe pamodzi ndi wa besi.

A Mbewe anena zoona kuti poly ndi yolimba, koma nyengo yakwathu imagwira khosi kuposa penti. Nthawi ya dzinja, kuyambira December mpaka March, thabwa limamwa chinyezi, khosi limawongoka, nsambo zimatsika n'kuyamba kulira pa ma fret oyambirira. Pamenepo mumamasula naiti pang'ono, ndipo besi iyi ingathe. Koma ikafika September ndi October, mpweya utauma, thabwa limafota, mpata umakula, nsambo zimakwera, ndipo pafunika kumanga. Besi yochoka ku chinyezi cha ku Leeds idzapita mbali imeneyo. Naiti imene yafika kale pamapeto ku England sidzakhala ndi kopita ku Blantyre mu October.

Ndiye uzani wogulitsa kuti ntchito ya washa ichitike kwa mmisiri amene nonse mwagwirizana, ndalama isanatuluke, ndipo mudzayeze nokha pakatha masiku awiri aja. Ikakhoza, ndipo phewa lanu likalola 4.9, itengeni, ma fret asinthidwe komweko musananyamuke, ndipo mugule lamba wachikopa wotambalala masentimita 8 kapena 10. Akakana, kapena naiti ikakhalabe pamapeto, isiyeni mutsate njira ya a Mbewe ya yotengera za m'ma 70, chifukwa American Vintage II ija, ngakhale ndi besi yabwino, pickup yake ili pa 91 ndipo sikupatsani kulira mwakukondako. Iliyonse imene mutenge, ngakhale yatsopano ya m'katoni, iyezeni chimodzimodzi ndi capo ndi feeler gauge, ndipo muimbe G pa fret ya 5, 6 ndi 7 mumve ngati noti ikufa msanga. Makosi ambiri a Fender ali ndi malo ofooka pamenepo, koma kukula kwake kumasiyana besi ndi besi, ndipo pa noti zazitali za nyimbo zakutchalitchi zimamveka kwambiri.